Kuyerekeza zitsanzo zochepa mozama: mmene ofufuza za anthu amapezera zifukwa za zinthu

Aliyense amene anawerengapo malipoti a ntchito za chitukuko olembedwa m'maofesi a muno mu Lilongwe amakadziwa kabokosi kamene kamakhala pakati pa tsamba, kolembedwa pamwamba pake kuti case study. M'kabokosimo mumakhala nkhani ya mayi amene analowa banki m'khonde n'kufolera nyumba yake ndi malata, kapena ya mudzi umene mjigo wake sunafepo chiuikireni. Nkhani zoterezi kawirikawiri zimakhala zoona, ndipo zimalimbitsa mtima, koma sizingatiuze chifukwa chimene zinthu zinayendera bwino, popeza sizinayerekezedwe ndi china chilichonse. Mudzi wa tsidya lina la dambo, umene unalandira mjigo chaka chomwecho kuchokera kwa anthu omwewo, koma lero amayi ake anabwerera kukatunga pachitsime chosatetezedwa, sulowa m'kabokosi kaja, chonsecho yankho limene tikulifuna lagona pa kusiyana kwa midzi iwiriyo.

M'maphunziro a za ndale, chuma ndi kakhalidwe ka anthu muli njira zakafukufuku zimene zinakonzedwera funso la mtundu umenewu. Wofufuza amasankha zitsanzo zochepa, kuyambira ziwiri mpaka makumi angapo, amachidziwa chilichonse mozama, kenako amaziika pamodzi mwadongosolo kuti aone chimene chikuyenderana ndi zotsatira zimene akufuna kuzimvetsa. Ndikamanena kuti chitsanzo m'nkhani ino ndikutanthauza chimene ofufuza amachitcha case m'Chingerezi: chinthu chimodzi chathunthu, chokhala ndi malire ake ndi mbiri yake, monga mudzi, sukulu, boma, dziko, chisankho cha chaka china, kapena kutha kwa ulamuliro wina. Kuika malire amenewa ndi ntchito ya wofufuza, ndipo si yaing'ono. Amene akufufuza za mijigo ayenera kunena poyera ngati chitsanzo chake ndi mjigo, komiti yake, kapena mudzi wonse, komanso ngati akuyang'ana zaka zitatu kapena khumi, chifukwa mjigo umene ukuoneka wamoyo m'chaka chachitatu ukhoza kukhala chitsulo chabe m'chaka chachisanu ndi chitatu.

Njirazi zili pakati pa njira ziwiri zimene tinazizolowera. Mbali ina kuli kafukufuku wa ziwerengero, wonga amene nthambi ya boma ya National Statistical Office ya ku Zomba imachita pofunsa mabanja oposa 10,000 za moyo wawo, kapena kalembera wa 2018 amene anapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni. Kafukufuku wotere amatiuza kukula kwa vuto ndi kufalikira kwake, koma mudzi uliwonse umasungunukira m'chiwerengero. Mbali inayo kuli wofufuza amene amakakhala m'mudzi umodzi chaka chathunthu, nadziwa maliro ake, milandu yake ndi maukwati ake, koma sangathe kunena ngati zimene waona n'za mudziwo wokha kapena n'za midzi yambiri. Mafunso ochuluka ofunika amagwera pakati. Maboma a dziko lino ndi 28, mayiko a SADC ndi 16, ndipo zisankho za pulezidenti zimene tachita chiyambire 1994 n'zowerengeka pa zala. Ziwerengero zoterezi n'zochepa kwambiri kuti masamu a kafukufuku wamkulu agwire bwino ntchito, komabe n'zokwanira kuti munthu ayerekeze. Arend Lijphart analitchula vutoli momveka mu 1971 pamene anati zinthu zimene zingakhale zifukwa n'zambiri pomwe zitsanzo n'zochepa, ndipo pafupifupi njira zonse zimene ndifotokoze ndi zoyesayesa zolimbana ndi vuto limeneli.

Maziko ake ndi akale. Mu 1843 John Stuart Mill, m'buku lake lotchedwa A System of Logic, anafotokoza njira zopezera chifukwa cha chinthu, ndipo ziwiri mwa izo n'zimene zikugwirabe ntchito. Yoyamba imayang'ana pa kufanana: ngati zitsanzo zosiyana pa zinthu zambiri zili ndi zotsatira zofanana, funafunani chinthu chimodzi chimene zonse zili nacho. Tinene kuti mjigo wa kwa Chadza, wa kwa Kabudula ndi wina wa kwa Kalolo yonse yatha zaka khumi ikutulutsa madzi, ngakhale kuti midziyo ndi yosiyana pa kukula, pa chuma ndi pa mtunda wokafika kumsewu, ndipo chimene tikuchipeza ponseponse n'chakuti banja lililonse limasonkha ndalama mwezi ndi mwezi. Maso athu ayenera kupita pa msonkhowo. Yachiwiri imayang'ana pa kusiyana: pezani zitsanzo zofanana pa zonse zimene mungathe kuziona koma zosiyana pa zotsatira, kenako funani chinthu chimene china chili nacho pomwe chinzake chilibe. Adam Przeworski ndi Henry Teune, m'buku lawo la mu 1970, anakonzanso maganizo amenewa kuti athandize posankha mayiko oti ayerekezedwe, ena ofanana kwambiri, ena osiyana kwambiri.

Chodabwitsa n'chakuti Mill mwini wake ankakayikira kuti njirazi zingagwire ntchito pa nkhani za anthu, chifukwa palibe midzi iwiri kapena mayiko awiri amene amasiyana pa chinthu chimodzi chokha. Nkhawa yakeyo inali yomveka, ndipo ndi yomvekabe. Koma wofufuza wosamala nthawi zina amapeza malo amene mbiri inamugawira zinthu ngati kuti inkamukonzera kafukufuku, ndipo amodzi mwa malo otere odziwika kwambiri m'maphunziro a ndale ali pafupi nafe, m'malire a dziko lino ndi Zambia.

Mu 2004 Daniel Posner anasindikiza kafukufuku wofunsa chifukwa chimene Achewa ndi Atumbuka amaonerana ngati opikisana pa ndale m'Malawi pomwe ku Zambia amaonana ngati abale. Malire a mayiko awiriwa anaikidwa m'nthawi ya atsamunda motsata mtunda umene umagawa madzi opita ku Luangwa ndi opita ku nyanja ya Malawi, osalabadira kuti akudula pakati pa anthu a mtundu umodzi. Choncho Posner anasankha midzi inayi: iwiri ya Achewa, wina mbali ino wina mbali ya Zambia, ndi iwiri ya Atumbuka, yokhalanso mbali ziwiri za malire, ndipo mudzi uliwonse unali pafupi ndi unzake wa tsidya lina. Mbali zonse ziwiri anthu anatchula kusiyana kwa miyambo komweko kumene tonse timakudziwa, kuti Achewa amatsata mbumba ya kuchikazi ndipo ali ndi gule wamkulu, pomwe Atumbuka amalowola ndipo ali ndi vimbuza. Koma atafunsidwa ngati angavotere munthu wa mtundu winawo kukhala pulezidenti, kapena ngati angakwatirane naye, a mbali ya Malawi ndi amene anakana mochuluka kuposa a ku Zambia. Miyambo ndi yomweyo, kusiyana kwake n'komweko, koma kulemera kwake pa ndale n'kosiyana. Apa mfundo yakuti chidani cha pa ndale chimabadwa m'miyambo yokha inagwa, popeza chinthu chimene chili chofanana mbali zonse ziwiri sichingakhale chifukwa cha kusiyana kwa mbalizo.

Yankho la Posner linali la kukula kwa magulu poyerekeza ndi dziko lonse. M'Malawi mtundu uliwonse mwa iwiriyi ndi waukulu mokwanira kuti wandale aone phindu pousonkhanitsa paokha, pomwe ku Zambia yonse iwiri ndi yaing'ono, kotero kuti wofuna mavoti amapindula akaiphatikiza pamodzi monga anthu a chigawo cha kum'mawa. Munthu wa kuno akawerenga zimenezi amafunsa msanga za zinthu zina, ndipo ayenera kutero. Nanga ulamuliro wa Dr. Banda, umene mu 1968 unakweza Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko n'kuchotsa Chitumbuka pa wailesi? Nanga mawu a Kenneth Kaunda akuti Zambia ndi imodzi ndipo mtundu wake ndi umodzi? Nanga mbiri ya mishoni ya Livingstonia ndi sukulu zake? Posner anazilingalira zina mwa zimenezi m'kafukufuku wakeyo, ndipo owerenga amasiyana maganizo pa kukhutira kwawo ndi mayankho ake. Ine ndimaona kuti mphamvu ya kafukufukuyu ili pa chimene anachichotsa pa mndandanda wa zifukwa kuposa pa chimene anachitsimikiza. Kuyerekeza kwa mtundu umenewu kumadziwa kwambiri kunena kuti chakuti sichingakhale chifukwa, ndipo kumeneko n'kupita patsogolo kwenikweni, ngakhale kuti wopereka ndalama za kafukufuku nthawi zina amafuna yankho limodzi lomaliza. Chaka chomwecho cha 2004 Edward Miguel anachita zofanana poyerekeza dera la Busia ku Kenya ndi la Meatu ku Tanzania, pofuna kuona ngati ndondomeko zomanga umodzi wa dziko zimathandiza anthu a mitundu yosiyana kusonkherana ndalama za sukulu ndi za madzi.

Cholakwa chimene chimapezeka kwambiri, ndipo ndi chimene chili m'kabokosi ka m'malipoti kaja, ndicho kusankha zitsanzo zimene zinachita bwino zokhazokha. Barbara Geddes anachionetsa poyera mu 1990. Panali ofufuza amene anayang'ana mayiko amene chuma chawo chinakwera msanga, monga South Korea, Taiwan ndi Singapore, napeza kuti m'mayikomo mabungwe a anthu apantchito ankaponderezedwa, ndipo anaganiza kuti kuponderezako kunathandiza chuma kukwera. Geddes atawonjezera mayiko ena ambiri, anapeza kuti analipo amene ankapondereza apantchito chimodzimodzi koma chuma chawo sichinakwere, ndipo mgwirizano umene unkaoneka pakati pa kuponderezako ndi kukwera kwa chuma unazimiririka. Chinthu chikapezeka mwa onse amene anapambana, sitinadziwebe kanthu mpaka titaona ngati mwa olephera mulibe.

Nkhani ya makhoti ndi zisankho ingatithandize kumvetsa zimenezi. Pa 1 September 2017 khoti lalikulu la ku Kenya linafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti, ndipo pa 3 February 2020 oweruza asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, atakhala muno mu Lilongwe, anafafaniza zotsatira za chisankho cha May 2019. Wophunzira amene akufuna kudziwa chimene chimapangitsa khoti kulimba mtima chotere adzakopeka kuyerekeza Kenya ndi Malawi basi, ndipo adzapeza zofanana zambiri: otsutsa boma amphamvu, zolakwika zooneka pa kasonkhanitsidwe ka zotsatira, ndi malamulo opatsa khoti mphamvu. Koma akapanda kuyang'ana ku Zambia, kumene mu 2016 dandaulo la Hakainde Hichilema linathetsedwa khoti litanena kuti masiku 14 amene malamulo amapereka atha, sadzaona kuti nthawi imene malamulo amapatsa khoti ingakhale nayo mbali pa nkhaniyi. Kuno ku Malawi mlandu wa chisankho unamvedwa kwa miyezi ingapo, mboni zikufunsidwa mafunso anthu akumvetsera pa wailesi. Komabe khoti la ku Kenya nalonso linali ndi masiku 14 okha ndipo linagamula, kutanthauza kuti nthawi yochepa payokha siletsa. Zitsanzo zitatuzi zikaikidwa pamodzi zimamukakamiza wofufuza kuganiza mozama kuposa mmene ziwiri zoyamba zikanachitira. Theda Skocpol, m'buku lake la mu 1979 lofotokoza kugwa kwa maulamuliro akale a ku France, Russia ndi China, anachita chimodzimodzi poikapo England, Prussia ndi Japan, kumene kusintha kwa mtundu umenewo sikunachitike.

Mpaka apa ndakhala ndikulankhula ngati kuti chifukwa chimakhala chimodzi, koma mlimi aliyense wa ku Mitundu amadziwa kuti si mmene zinthu zimakhalira. Feteleza wopanda mvula amatentha chimanga, mvula yogwera pa nthaka yoguga imangokokolola, ndipo mbewu yabwino yobzalidwa mochedwa sibereka. Chimadzaza nkhokwe ndi kukumana kwa zinthu zingapo pa nthawi yake. Komanso njira yopezera chimanga si imodzi, pakuti wina amakolola kumunda ndi mvula ndi feteleza, pomwe mnzake amakolola kudimba ndi madzi othirira ndi manyowa. Charles Ragin, m'buku lake la mu 1987 lotchedwa The Comparative Method, anamanga njira yonse pa mfundo zimenezi, ndipo njirayo imadziwika ndi zilembo zakuti QCA, chidule cha mawu a Chingerezi akuti Qualitative Comparative Analysis. Iye anati masamu ozolowereka amafunsa kuti chinthu chilichonse pachokha chikuwonjezera zochuluka bwanji pa zotsatira, pomwe funso loyenera nthawi zambiri ndi lakuti ndi zinthu ziti zimene zikakumana zimabala zotsatirazo, ndipo kukumana kotere kulipo kwa mitundu ingati.

Pamtima pa njirayi pali kusiyanitsa chinthu chofunikira ndi chinthu chokwanira. Chofunikira ndi chimene chikasowa zotsatira sizingapezeke, monga ufa pa nsima: palibe nsima yopanda ufa, koma ufa uli m'thumba si nsima. Chokwanira ndi chimene chikapezeka zotsatira zimabwera ndithu, ngakhale kuti zingabwerenso kudzera kwina. Kusokoneza ziwirizi kumawononga ndalama zambiri za chitukuko. Kafukufuku akapeza kuti mijigo yonse yamoyo ili ndi komiti, ndiye kuti komiti mwina ndi yofunikira, koma bungwe limene lingamve zimenezi n'kuyamba kukhazikitsa makomiti paliponse, poganiza kuti latha ntchito, latenga chofunikira ngati chokwanira.

Kachitidwe kake kali motere. Tinene kuti wofufuza wasankha mijigo 24 m'boma la Lilongwe, ina yamoyo ina yakufa, ndipo atawerenga zimene ena analemba ndi kucheza ndi anthu a m'midzimo waona kuti zinthu zinayi zingakhale ndi mbali: ngati mabanja amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi, ngati pali mekaniki wa mijigo wokhala pafupi, ngati amfumu amalowererapo wina akakana kusonkha, ndi ngati pali madzi ena apafupi monga mtsinje kapena chitsime. Pa mjigo uliwonse amalemba 1 pamene chinthucho chilipo ndi 0 pamene palibe. Zinthu zinayi zingakumane m'njira 16, ndipo njira iliyonse imakhala mzere wake pa tebulo. Mjigo uliwonse umagwera mumzere umodzi, ndipo wofufuza amaona ngati mijigo ya mumzerewo ili yamoyo kapena yakufa. Kenako amafupikitsa: ngati mizere iwiri ili ndi zotsatira zofanana ndipo ikusiyana pa chinthu chimodzi chokha, ndiye kuti pamenepo chinthucho chilibe ntchito, ndipo chimachotsedwa. Pomaliza angapeze kuti mjigo umakhala moyo pamene pali msonkho ndi mekaniki, kapenanso pamene palibe madzi ena apafupi ndipo amfumu ndi olimba. Zimenezi ndangoziyerekeza pofuna kuonetsa maonekedwe a yankho, koma taonani phindu lake kwa wokonza ndondomeko: mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Diamphwe ndi mudzi wa pamtunda wouma sufunika thandizo lofanana.

Njirayi imaphunzitsanso kuti chifukwa cha kulephera si nthawi zonse chimangokhala kusowa kwa chifukwa cha kupambana. Mijigo ingafe chifukwa chakuti madzi apansi anatsika, kapena chifukwa chakuti anakumba pamalo olakwika, zinthu zimene sizikukhudzana ndi komiti ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake kulephera kumafufuzidwa pakokha, ndi tebulo lakelake.

Zovuta ziwiri zimatulukira pa tebulopo, ndipo wofufuza woona mtima sazibisa. Choyamba n'chakuti mizere ina imakhala yopanda chitsanzo. Zinthu zikakhala zisanu mizere imakhala 32, zikakhala zisanu ndi chimodzi imakhala 64, ndipo munthu amene ali ndi mijigo 24 sangaidzaze. Mwina m'dera lonselo mulibe mudzi wokhala ndi mekaniki koma wosasonkha ndalama, choncho chimene chingachitike m'mudzi wotero sitinachione ndi maso. Kompyuta ikhoza kudzaza mipata imeneyi ndi zongoganizira kuti yankho lifupike, ndipo wowerenga ali ndi ufulu wodziwa kuti ndi mizere iti imene inadzazidwa motero, komanso pa chifukwa chanji. Chovuta chachiwiri ndi mzere wotsutsana, pamene mijigo iwiri yofanana pa zinthu zonse zinayi ili ndi zotsatira zosiyana. Wofufuza waulesi amangoutaya umodzi, koma Ragin anaphunzitsa kuti kutsutsanako ndi uthenga woti abwerere kumudzi. Akakafika angapeze kuti msungichuma wa komiti ina anasamuka ndi ndalama, kapena kuti mjigo wina uli pakati pa midzi iwiri imene mafumu ake ali pa mkangano wa malo. Akatero amabwerera ku tebulo ndi chinthu chachisanu, kapena ndi tanthauzo latsopano la chimodzi mwa zinayi zija. Kupita ndi kubwerera kumeneku, pakati pa tebulo ndi mudzi, ndiye njirayo; masamu ake ndi gawo laling'ono.

Ambiri anadandaula kuti moyo sugawika mu 1 ndi 0, ndipo ananena zoona. Komiti imene imasonkhetsa ndalama mjigo ukawonongeka pokha siili m'gulu limodzi ndi imene imasonkhetsa mwezi uliwonse, komanso siili pamodzi ndi imene sinasonkhetsepo. Poyankha zimenezi, mu 2000 Ragin anatulutsa buku la Fuzzy-Set Social Science, limene limalola chitsanzo kukhala m'gulu pang'ono chabe, ndi manambala a pakati pa 0 ndi 1, monga 0.33 kapena 0.67. Nambala ya 0.5 ndiyo malire, pamene sitingathe kunena ngati chitsanzo chili mkati kapena kunja. Kuika manambala amenewa ndi chiweruzo cha wofufuza, chochokera pa kudziwa kwake zitsanzozo, ndipo apa m'pamene pamakhala chiyeso chachikulu, chifukwa kusuntha malire pang'ono kungasinthe yankho. Wolemba amene safotokoza chifukwa chimene anapatsira komiti yakuti 0.67 osati 0.33 wabisa mtima wa kafukufuku wake, ngakhale matebulo ake akhale okongola chotani.

Tebulo limaonetsa zinthu zimene zimapezekera pamodzi, koma silionetsa mmene china chimabalira chinzake. Pa chifukwa chimenechi ofufuza ambiri amaphatikiza kuyerekeza ndi kulondola mapazi a nkhani mkati mwa chitsanzo chimodzi, njira imene Alexander George ndi Andrew Bennett anaifotokoza bwino m'buku lawo la mu 2005. Ntchito yake ikufanana ndi ya nduna za amfumu pa bwalo la milandu, zimene sizikhutira ndi kumva kuti ng'ombe inasowa ndipo uje anaoneka pafupi ndi khola, koma zimafunsa kuti anafika liti, anamuona ndani, ndipo mapazi analowera kuti. Ngati tikunena kuti msonkho ndi umene umasunga mjigo, tiyenera kupeza m'buku la msungichuma kuti ndalama zinatuluka pa tsiku lakuti kukagula zipangizo, ndi kumva kwa amayi otunga madzi kuti mjigo unakonzedwa m'masiku ochepa. Tikapeza kuti ndalama sizinatulukepo, ndipo mjigo unkakonzedwa ndi mwana wa m'mudzimo amene amagwira ntchito m'tauni, ndiye kuti tebulo linatinamiza. Kulondola kumathandizanso kudziwa chimene chinayamba, chifukwa n'zotheka kuti anthu amasonkha poona kuti mjigo ukugwira ntchito, osati kuti mjigo ukugwira ntchito chifukwa chakuti anthu amasonkha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo gawo ili la kafukufuku ndi limene limadya nthawi yambiri.

Pali vuto lina lakale, limene Francis Galton analidzutsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880 potsutsa kafukufuku wa Edward Tylor woyerekeza miyambo ya mitundu ya anthu: zitsanzo zimaonerana. Komiti ya m'mudzi uno ingatengere kachitidwe ka komiti ya mudzi woyandikana nawo, makomiti khumi angakhale ataphunzitsidwa ndi mlangizi mmodzi, ndipo oweruza ndi maloya amawerenga zigamulo za m'mayiko ena. Zikatero zitsanzo khumi zingakhale chitsanzo chimodzi chobwerezedwa kakhumi.

Otsutsa njirazi alipo, ndipo ena ndi akuluakulu. Gary King, Robert Keohane ndi Sidney Verba, m'buku lawo la mu 1994, analangiza ofufuza a zitsanzo zochepa kuti atsate malamulo a kafukufuku wa ziwerengero ndi kuchulukitsa zimene akuziona mmene angathere. Ena amati QCA imagwedezeka msanga, moti kulakwitsa nambala ya chitsanzo chimodzi kungabweretse njira yonse yabodza m'yankho. Madandaulo amenewa ndimawalemekeza, ndipo ndikuganiza kuti amagwira kwambiri anthu amene amathira zitsanzo mazanamazana mu kompyuta osadziwako ngakhale chimodzi. Chimene njirazi sizingachite n'kunena za dziko lonse kuchokera pa mijigo 24 ya m'boma limodzi. Zopezazo zimagwira pa midzi yofanana ndi imene inafufuzidwa, ndipo wofufuza ayenera kunena malire ake, kuti wowerenga wa ku Nsanje kapena ku Karonga adziwe ngati zikumukhudza.

Komabe zimene kuyerekeza kosamala kungabale zinaoneka pa ntchito ya Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2009. Pa nthawi imene ambiri ankakhulupirira kuti chuma cha onse, monga nkhalango, msipu ndi nsomba, chimatha ndithu pokhapokha boma litachilanda kapena chitagulitsidwa kwa munthu mmodzi, iye anayerekeza msipu wa m'mudzi wa Törbel ku Switzerland, ulimi wothirira wa ku Valencia ku Spain ndi wa ku Philippines, ndi usodzi wa ku Alanya ku Turkey, pamodzi ndi malo ena amene anthu analephera kusunga chuma chawo. M'buku lake la mu 1990, Governing the Commons, anatulutsa mfundo zisanu ndi zitatu zimene zinkapezeka kumene zinthu zinakhalitsa, monga malire odziwika, malamulo amene ogwiritsa ntchito chumacho ali ndi mawu powapanga, oyang'anira oyankha kwa anthuwo, ndi zilango zoyamba pang'ono n'kumakula. Amene amadziwa chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene usodzi umatsekedwa m'nyengo ya mvula pansi pa ulamuliro wa mfumu, angazindikire zina mwa mfundozi. Koma Mbenji payekha ndi kabokosi kenanso ka m'lipoti. Funso limayankhika pamene Mbenji waikidwa pambali pa madoko ena a m'nyanja yomweyo amene anayesa malamulo ofanana koma osagwira.

Apa m'pamene wophunzira wa ku Bunda kapena wogwira ntchito m'bungwe amakumana ndi khoma lenileni, chifukwa zitsanzo zolephera n'zovuta kuzipeza. Gulu la banki m'khonde limene linatha silisiya buku, mamembala ake ena anasamuka ndipo ena safuna kukumbutsidwa za ngongole, komanso mlangizi amene akuperekeza mlendo mwachibadwa amamutengera kumene kuli zoti aonetse. Wofufuza amene akufuna kuyerekeza moona ayenera kupempha mndandanda wa magulu onse amene anakhazikitsidwa m'chaka chakutichakuti, osati wa amene alipo lero, asankhe yekha kumene apite asanamve kuti kuli zotani, ndipo akonzeretu masiku ochuluka a kumidzi kumene gulu linatha, chifukwa kumeneko adzayenda khomo ndi khomo kufunafuna amene anali mlembi ndi amene anali msungichuma.